Nthochi za pa Chambe

A Samueli Namakhwa anakalamba akusenza matabwa a mkungudza kuchokera kuphiri la Chambe, opanda nsapato, nyimbo ya kutchalitchi ili pakamwa. Chiperoni chikatseka njira anzawo ankatukwana, koma iwo ankangoseka. "Mwini wake akutsuka phiri lake," ankatero, "tiyeni timudikire."

Paja amati chakudya chotola m'phirimo n'cha mizimu: udye wekha, ukaitana mnzako sudzaonekanso kumudzi. Tsiku lina, chaka chomwe Chitaganya chinayamba, a Samueli anapeza phava la nthochi zakupsa pamwala, njala itawapotokola. Anatula thabwa, nayamika Mulungu, kenako anakuwira anzawo awiri amene ankabwera m'mbuyo.

"A Morris! A Winston! Fulumirani, kuno kwagwa phwando!"

A Morris anafika n'kuziona nthochizo. "Mwatiphetsa, a Namakhwa! Mwaiwala eni phiri?"

"Eni ake ati, achimwene? Anaumba phirili ndi Atate anga. Kodi mwana amadya mobisa m'nyumba ya atate ake?"

A Winston anasenda nthochi n'kuyamba kudya. A Morris anakana kwamtuwagalu.

Onse atatu anatsika phiri ali amoyo. Koma amene anafika kumudzi akudzandira ndi njala anali a Morris okha.