Banga la Lachinayi

Achimwene anga anali mmisiri wa madenga. Ankayenda pamwamba pa malata ngati ali pabwalo, mpaka tsiku limene phaso linathyoka, iwo n'kugwera chagada pa mulu wa njerwa. Kuyambira m'chiuno kupita kumapazi samva kanthu, kaya muwatsine kaya muwabaye.

Atatuluka m'chipatala ndinawatengera kwanga. A bungwe lothandiza ovulala msana anabweretsa chikuku, khushoni yakuda, ndi kagalasi ka chogwirira chachitali kodzionera kumbuyo. Anatitumiziranso mlangizi, mayi amene nawo akhala pa chikuku zaka zambiri. Timawatcha a Sajeni, chifukwa salankhula kawiri.

"Chimatipha ife si msana ayi," anatero a Sajeni tsiku loyamba. "Ndi chilonda cha pokhalira. Mukaona banga lofiira, dinani ndi chala. Likayera, palibe vuto. Likapanda kuyera, mundiimbire."

Chaka chathunthu achimwene anangokhala duu pakhonde, kuyang'ana madenga a anthu n'kumatchula okhota. Kenako anayamba kumasula chikuku chawo n'kuchimanganso, mwakuti a bungwe ataona manja awo anati akayambe ntchito yokonza zikuku Lolemba. Tsiku limene anamva zimenezi anapempha okha lezala lometera ndevu.

Apa ndiye ndinalakwa ine. Khushoni ija inkandinyansa, yolimba ngati thabwa. Ndinati munthu wopita kuntchito asakhalire chimenechi, ndiye ndinapinda thawulo latsopano n'kuyala pamwamba. Masiku atatu anakhalira thawulo lija akuyeserera ntchito, ine n'kumadziona wanzeru.

Lachinayi m'mawa, ndikuwathandiza kuvala, ndinaliona: banga lofiira kuthako lakumanzere, kukula ngati chivindikiro cha botolo. Ndinadina. Silinayere. Ndinadinanso, koma linakhalabe lofiira.

"Watonthola bwanji, chemwali?" anafunsa achimwene.

"Palibe, achimwene."

"Bodza sulitha iwe. Ndipatse kagalasi."

Ndinaimbira a Sajeni, ndipo anafika dzuwa lisanakwere. Anayang'ana bangalo, kenako anapalasa chikuku chawo kupita pa cha achimwene, n'kunyamula thawulo ndi zala ziwiri.

"Waika ichi ndani?"

Ndinavomera. Anandionetsa khwinya la thawulo, ndendende pamene panali banga. Khushoniyo, anati, inapangidwa kuti mafupa azilowa pofewa, ine ndinaitseka. Sanandikalipire, ndipo bola akanakalipa.

"Agone chafufumimba, asakhale pansi ngakhale pakudya. Likazilala pofika Lolemba, apita kuntchito. Khungu likang'ambika, ndi miyezi pabedi, ndipo malo aja sangadikire."

Masiku anayi amenewo sindinadye bwino. Ndinkawatembenuza maola awiri aliwonse, kuwongola nsalu ya pabedi ngati ndikusita, kusuzumira bangalo mpaka maso kuwawa. Loweruka linkaoneka ngati lachepa, Lamulungu ngati lakula. Achimwene anagona nkhope pa pilo, sipanala yawo ili pampando pafupi ndi dzanja, osadandaula. Ndinkafuna andinyoze, anene kuti ndawaphera ntchito, koma iwo ankangofunsa ngati matayala a chikuku ndawapopa. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinkadzida.

Lolemba m'mawa ndinaika malaya ositasita pampando, koma sindinayerekeze kuwanyamula. Achimwene anatenga kagalasi n'kukatambasulira kumbuyo.

"Dina."

Ndinadina, ndinawerenga mpaka katatu, n'kuchotsa chala. Pamene ndinadina panayera mbee, kenako magazi anabwerera pang'onopang'ono.

"Bweretsa malaya," anatero achimwene ndisanawauze.

"Mwaona, achimwene? Layera!"

"Sindinaone. Kagalasika sikafika pamenepo, sikanafikepo chiyambire."

Ndinayang'ana m'kagalasimo, ndipo munali nkhope yanga. Masiku onse aja, ndikamadina iwo atagwira kagalasi, ankaona ine, osati banga.