Mafupa a dzanja la amayi

Ndikukumbukira tsiku limene ndinatsala pang'ono kubwezedwa ku Malawi chifukwa cha homuweki. Ndinali ndi zaka 11, nditangotha chaka chimodzi ku Clondalkin, tauni ya kutsidya kwa nyanja, komwe ndinawatsatira amayi titasiyana zaka zinayi.

Aphunzitsi athu a zojambula anabwera ndi chibuku cha zithunzi za akatswiri akalekale a ku Italy. Atatsegula, mayo ine! Munthu wosendedwa khungu ataima chilili, minofu yonse pamtunda ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Anatiuza monyadira kuti akatswiriwo ankatumbula mitembo kuti aone za mkati, poti sungajambule bwino mkono usakudziwa chimene chimaupinda. Anzanga ankangogwedeza mitu. Ine wanga unaima. Kwathu munthu wogwiragwira mitembo chonchi tinali nalo dzina lake, koma kuno ankamutamanda m'kalasi.

Homuweki inali yoti tijambule dzanja la munthu wa kunyumba, kenako tiikemo mafupa potengera pepala lomwe anatigawira. Ndinapeza amayi ali mtulo pa sofa, chifukwa ankagwira ntchito yosamalira okalamba usiku ndipo masana ndiye ankagona. Dzanja lawo lamanja linali lendee, likununkhira mankhwala opaka. Ndinakhala pansi n'kujambula chilichonse chimene ndinaona, ngakhale potupa patsinde pa chala chachikulu. Ndinalowetsamo mafupa, pamwamba n'kulemba "Amayi", mtima uli mbee.

Atadzuka n'kuona pepalalo, anakuwa. "Tadala! Ine ndili moyo, iwe wandionera kale mafupa? Ndili mtulo?"

Pofuna kudzipulumutsa ndinafotokoza za mitembo ya ku Italy ija. Apo ndiye ndinaonongeratu. Masana omwewo anaimbira foni malume ku Balaka, ndipo ndinamva ndi makutu anga akuti mwana akuphunzitsidwa za ufiti, amupezere malo kusukulu ya kumeneko. Ndinachita mantha osaneneka, poti zaka zinayi zopanda amayi ndinkazidziwa kuwawa kwake. Koma cholakwa changa sindinkachiona. Ndikapanda kujambula, aphunzitsi akwiya. Ndajambula, ndasanduka mfiti. Nanga ndikanatani?

Asanaotche pepalalo anaitana Anti Mwila kuti adzalipempherere. Amenewa anali nesi wochokera ku Zambia, wogwira ntchito pachipatala chachikulu cha mtauni muno, mnzawo wa kutchalitchi. Anafika ndi Baibulo, jekete itanyowa ndi mvula, nkhope ya nkhondo. Atangoona chithunzicho anaphulika kuseka mpaka kukhala pansi.

"Amake Tadala, ivi ndiye vamene tinaphunzira ku nursing! Ngati ni ufiti, ise tonse ku ward ndise mfiti."

Amayi sanaseke. Posakhalitsa Anti nawonso analeka, n'kuyandikitsa pepala kumaso. Anafunsa ngati potupa paja ndinangopeka. Ndinati ayi, ndinajambula zimene zinalipo. Anagwira dzanja la amayi n'kudina patsinde pa chalacho, ndipo amayi analira mokweza kuposa poyamba paja. Kani kwa miyezi yambiri ankanyamula okalamba ndi dzanja lopweteka, osauza aliyense, kuopa kuti awachepetsera mashifiti. Mankhwala opaka aja anali a chimenecho.

Nkhani ya ku Balaka inathera pomwepo, sanaitchulenso. Koma palibe anandipepesa, palibenso anandiuza ngati ndinachita bwino kapena ndinalakwa. Pepalalo linangosowa. Kusukulu ndinanama kuti ndaliiwala m'basi, ndipo kwa nthawi yaitali ndikamadutsa pomwe amayi agona ndinkayang'ana kumbali.

Lero zinthu zinatembenuka. Ntchito yanga ndi yojambula mafupa a anthu ndi makina kuchipatala, ndipo amayi omwewo amauza mpingo wonse kuti mwana wawo amaona mkati mwa munthu. Ana anga amajambula zigoba pa tabuleti, agogo awo n'kumawaombera m'manja. Chaka chatha, zala za amayi zitayamba kukanika kutsegula botolo, ndinawaperekeza kukajambulitsa dzanja lija. Anayang'anitsitsa chithunzi cha makinacho, kenako anapisa m'chikwama, n'kutulutsa m'Baibulo kapepala kachikasu kopindapinda. Pamwamba pake panali "Amayi".

"Makinawa achedwa," anatero. "Iwe unaona kalekale, ine n'kufuna kukuthamangitsa."