Tsiku Lomwe Pikoko Anafulatira

Dzulo, ndikusakatula m'sutikesi yakale ya amayi, ndinapeza chithunzi chija. Mng'ono wanga akumwetulira atavala diresi lake la Idi, ndipo pambali pake pikoko woyera wafulatira, akungoonetsa kumbuyo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amalume anatitengera ku famu ina kuseri kwa Nkopola kukaona mbalamezi. Kunkanunkha zitosi ndi gaga wonyowa. Apikoko abuluu analipo ambiri, akulira ngati amphaka, koma tonse tinkadikira woyerayo, amene mwini famu anati amatambasula mchira akafuna yekha.

Atautambasula, ndinangoti kukamwa yasa. Unali mbee, ngati chovala cha mkwatibwi.

"Mu kameramu mwatsala chithunzi chimodzi," anatero amalume, akutiyang'ana tonse awiri. Ine ndinali mu yunifomu yothimbirira. "Iwe wamng'ono, ima apo. Diresi lakolo ndiye lioneka bwino."

"Nanga ine, amalume?"

"Ndiwe wamkulu, umvetse. Tenga chimanga ichi, uziwaza patsogolo pa mnzakoyo kuti mbalameyi isachoke."

Mng'ono wangayo anandiyang'ana, n'kunditulutsira kalilime, kenako n'kukonza mpango wake pang'onopang'ono.

Amalume anatsinzina diso limodzi. "Wani... thuu..."

Ndinafumbata chimanga chonse, n'kuchiponya kutali, kuseri kwa mbalameyo. Inatembenuka ndi mchira wake wonse.

Kamera inati tcha!