Tsiku Limene Wayilesi Inandibera Mawu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mawu anga anamveka pa wayilesi koyamba, koma zimene dziko linamva tsiku limenelo si zimene ndinanena.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa esiteti ina ya fodya chakumadzulo kwa Madisi. Makolo anga anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti ine ndikadali kumsana. Tinkagona m'tinyumba taudzu tondandana kuseri kwa zigafa, ndipo fungo la fodya wouma linkalowa paliponse: m'zofunda, m'tsitsi, ngakhale m'madzi akumwa. Fodya akayamba kupsa, sukulu inkangotha yokha kwa ana a matenanti. Palibe amene ankatiletsa ndi pakamwa, kungoti masamba sadikira munthu. Tinkathyola mame asanakamuke, masana n'kukhala pansi m'chigafa kumasoka. Manja ankada bii ndi utomoni womata umene sopo ankaulephera, moti tinkachita kukhula ndi mchenga. Mnzanga wapamtima, Felesiya, ankadwala naye fodya wamuwisiyo. Akanyamula masamba onyowa pachifuwa ankachita chizungulire, n'kukasanza kuseri kwa chulu, kenako n'kubweranso kudzapitiriza.

Abambo anga, a Makwinja, anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Chuma chawo chinali kawayilesi kakuda komangidwa ndi mphira, kamene mabatire ake tinkawayanika padzuwa kuti abwerere mphamvu. Wayilesiyo ankaikhulupirira ngati Baibulo. Amuna akatsutsana za mvula kapena za mpira, abambo ankangoti, "Zanenedwa pa wayilesi," mkangano n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina kapitao wathu, a Gwaza, anazungulira nyumba zonse akugawa sopo. Anati kukubwera atolankhani kudzajambula pulogalamu ya alimi, choncho ana asambe, avale yunifolomu, ndipo asaoneke m'chigafa. Ine anandiitanira pambali chifukwa ndinkadziwika kuti ndine wosachita manyazi polankhula.

"Iwe Edina, ukakafunsidwa ukanene kuti umapita kusukulu tsiku lililonse, komanso kuti bwana amatisamala bwino. Wamva?"

Ndinakawauza amayi. Sanadzutse ngakhale mutu pa fodya amene ankasoka. Anangoti, "Pakamwa ndi pako. Usakanene zimene sunazione."

M'mawa mwake kunafika galimoto yoyera. Mtolankhani wake anali mayi wachitsikana, wonunkhira mafuta abwino, atanyamula kamakina kojambulira mawu. Ananditengera pansi pa mtengo wa bulugamu, nandilozetsa maikolofoni pakamwa, n'kufunsa ngati ndimapita kusukulu. Ndinalankhula momveka. Ndikukumbukira mawu anga onse:

"Ndimapita kusukulu tsiku lililonse fodya asanapse. Akapsa sindipita, ndimasoka mpaka kumada. A kapitao anati ndinene kuti bwana amatisamala bwino, koma taonani manja angawa."

Mayi uja anayang'ana zikhatho zanga. Sopo wa dzulo uja sanathe kubisa mikwingwirima yakuda m'zala. Anati, "Pepa, mwanawe," n'kutseka kamakina kake. A Gwaza anaima chapafupi ndipo anamva zonse, koma ndinadabwa kuona kuti sanakwiye. Ankangoseka ndi dalaivala ngati palibe chachitika.

Pulogalamuyo inaulutsidwa Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi. Anthu a m'nyumba zonse anasonkhana pakhomo pathu, wayilesi itaikidwa pa mtondo wovundikira. Ine ndinakhala kutsogolo, phewa lili m'mwamba. Poyamba panalira kanyimbo, kenako mawu a bambo akunena kuti pulogalamuyi yabwera ndi thandizo la kampani yakutiyakuti. Inali kampani ya bwana wathu, koma palibe amene analabadira zimenezo. Analankhula a Gwaza. Analankhula bwana amene ife tinkangomuona pagalasi la galimoto. Kenako muulutsi anati, "Timve kwa mmodzi mwa ana osangalala a pa esitetiyi."

Ndipo ndinadzimva ndekha, mawu anga enieni, aang'ono ndi akuthwa: "Ndimapita kusukulu tsiku lililonse. Bwana amatisamala bwino."

Kanyimbo kanabwereranso.

Woyamba kulankhula anali mayi ake a Felesiya. "Anakupatsa chiyani, mwana iwe?"

Ndinaimirira ndikukuwa kuti sindinanene choncho, kuti ndinanena za manja, kuti ndinanena za kusoka. Bambo wina anaseka moipa. "Nanga mawu amenewa ndi a ndani? Wayilesi inganame?" Felesiya sananene zambiri. Anangondiyang'ana n'kuti, "Ndiye ine ndimasanza chifukwa chosamalidwa bwino?" Ananyamuka n'kumapita. Ndinatembenukira kwa abambo kuti andiikire kumbuyo, koma iwo ankangoyang'ana wayilesi, kenako ine, kenako wayilesi, osadziwa kuti akhulupirire chiti.

Sabata yotsatira inali yowawa. M'chigafa ana anzanga ankasuntha ndikakhala pafupi. Kuchitsime azimayi ankati, "Mpatseni njira mwana wa bwana." Munthu mmodzi yekha ndiye sanandikayikire.

"Ndinakubala ndine," anatero amayi tikuchokera kotola nkhuni. "Ndimadziwa pamene umapumira ukamalankhula. Pakati pa mawu aja sunapume. Akudula."

Zaka zimenezo n'kuti mawayilesi atsopano atayamba kuchuluka, ndipo ina inali ndi pulogalamu ya masana imene anthu ankaimbako foni n'kumalankhula dziko lonse likumva nthawi yomweyo. Amayi anali ataganiza kale. Mawu ojambulidwa angathe kudulidwa, koma mawu otuluka pompopompo alibe powadulira. Atawauza abambo zoti tikaimbe foni ku pulogalamuyo, m'nyumba munavuta.

"Mayi a Edina, fodya ali m'chigafa. Akatithamangitsa lero, thukuta la chaka chonse lapita pachabe. Tikadya chiyani?"

"Akatibera mbuzi timakuwa," anayankha amayi. "Lero abera mwana mawu ake, ndiye tikhale chete? Mwanayu azikula anthu akumutchula wabodza?"

Abambo sanavomere, koma sanatitsekerenso njira. Amayi anagwira thadzi lawo lofiira, nalimanga miyendo, ndipo tinayenda wapansi mpaka pa Madisi. Pamenepo panali kanyumba koimbira foni, kamene anthu ankakatcha byuro, ndipo mwini wake anali mayi wina wonenepa, Anabanda. Atamva nkhani yathu analandira nkhukuyo, natsegula wayilesi yawo pa tebulo, n'kuyamba kuimba. Foni inkangokana, anthu oimba anali ambiri. Tsiku limenelo ankakamba za maenje a m'misewu. Anabanda anaimba, naimbanso, thukuta lili kamukamu, pulogalamu ikupita kumapeto. Ine ndinayamba kulakalaka kuti isalowe n'komwe, tibwerere kwathu mwamtendere. Mwadzidzidzi anandikankhira foni kukhutu.

"Tili ndi ndani pa foni?" anafunsa muulutsi.

Ndinatchula dzina langa ndi kumene ndimakhala. Mawu anga ankatulukanso pa wayilesi ya pa tebulo paja, moti ndinasokonezeka mpaka Anabanda anaichepetsa.

"Ndiwe mwana, eti? Lero tikukamba za misewu, mwanawe."

"Ndamva, koma ine andibera mawu."

Ndinkayembekeza kuti adula. M'malo mwake anati, "Akubera bwanji? Tanena."

Ndinanena. Ndinafotokoza za mayi wa kamakina, za zimene ndinayankha, ndi zimene zinatuluka Lamlungu. Ndinati ife ana a matenanti sitipita kusukulu fodya akapsa, kuti manja athu ndi akuda, kuti mnzanga amasanza akanyamula masamba. Ndinamaliza ndi kuti, "Amene anamva Lamlungu lija amvenso lero. Ine sindinathokoze munthu." Muulutsi anayamba kufunsa funso lina, koma foni inaduka. Nditatembenuka ndinaona kuti pakhomo pa byuro padzaza anthu, anyamata a njinga ndi azimayi ogulitsa mandasi, onse akundiyang'ana. Amayi anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kuti, "Tiye kwathu."

Nkhani inatitsogolera. M'mawa mwake a Gwaza anafika pakhomo, ndipo ulendo uno sankaseka. Anthu anasuzumira m'makomo mwawo. Anati bwana wakwiya kwambiri, koma ndi munthu wachifundo. Galimoto yoyera ibweranso, mwanayu anene kuti anachita kutumidwa ndi adani a esiteti, apepese, nkhani ithe.

"Sindipepesa," ndinatero.

"Sindikulankhula ndi iwe! A Makwinja, mwana wanuyu mumulangiza kapena ayi?"

Ndinkadziwa kuti abambo agonja. Moyo wawo wonse anali asanabwezepo mawu kwa kapitao. Anaimirira pang'onopang'ono, navula chipewa monga ankachitira nthawi zonse, n'kuchipinda m'manja. Mawu awo anali otsika.

"A kapitao, tandiuzani pamene mwanayu wanama. Mukandionetsa, ndimukwapula pompano inu mukuona."

A Gwaza anayang'ana anthu osuzumira m'makomo aja.

"Kodi akapsa fodya amapita kusukulu?" anapitiriza abambo. "Edina, tawaonetsa manja."

"Ndiye pakirani katundu," anatero a Gwaza. "Loweruka ndisakupezeni pano."

Tinachoka tikusiya fodya wathu ali lende m'chigafa, wofiirira bwino, woti akanatha kugulidwa pa mtengo wabwino. Zimene abambo anapatsidwa sizinali zoti n'kutchula. Pamene tinkakweza mphasa ndi mapoto pa ngolo, matenanti ena anatitukwana kuti tawaputira mavuto. Ena anabwera mwakachetechete kudzatipatsa ufa pang'ono. Felesiya anaima patali mpaka ngolo itayamba kuyenda, kenako anathamanga n'kugwira m'mbali mwake. "Ndinakumva," anatero. Sindinadzamuonenso.

Tinakafikira kwa msuweni wa abambo cha ku Kasakula, m'mapiri a Ntchisi, amene anatibwereka kamunda kotsetsereka kamiyalamiyala. Chaka chimenecho tinaiona njala. Tinkadya maungu osakhwima ndi nthochi zaziwisi zophika, ndipo mlongo wanga wamng'ono anatupa miyendo. Abambo anatha milungu osalankhulana bwino ndi amayi. Ku esiteti kuja, monga tinamvera pambuyo pake, sikunasinthe kanthu, kupatula kuti galimoto yachilendo ikamabwera ana ankawabisa m'chimanga. Sindinganene kuti foni yanga inamasula munthu. Koma ku Kasakula kunalibe chigafa chondidikira, choncho ndinapita kusukulu chaka chathunthu kwa nthawi yoyamba. Abambo nawo anapitiriza kumvera wayilesi yawo, koma kamvedwe kanasintha. Akamva munthu wosauka akuyamikira wolemera, ankapendeketsa mutu n'kufunsa, "Walipira pulogalamuyi ndani?"

Lero ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'mapiri momwemo. Mlongo wanga uja mpaka pano amati tinagona ndi njala chaka chonse chifukwa cha kamphindi ka pa foni, ndipo sindimutsutsa, chifukwa miyendo imene inatupa inali yake. Koma akandifunsa ngati ndimanong'oneza bondo, ndimamuuza kuti ayi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti mayi wa kamakina uja anali mfiti. Tsopano ndimaona kuti mwina analidi ndi chisoni pamene ankati pepa, kungoti lumo silinali m'manja mwake. Nthawi ya pa wayilesi imagulitsidwa monga malo a pamsika, ndipo wogula ndiye amasankha choyalapo. Mawu a munthu wosauka amatengedwa ulere, n'kukasemedwa kuti akome m'makutu mwa amene walipira. Masiku ano lumo limenelo lili m'thumba mwa aliyense amene ali ndi foni, ndipo kakanema kodulidwa kamafika ku Lilongwe mwini mawu asanafike n'komwe kunyumba.

Chaka chatha kunabwera anthu a bungwe lina ndi makamera, atabweretsa madesiki ochepa. Ankafuna kuti ana anga a Sitandade 6 avule nsapato, akhale pansi pafumbi, kenako akwere pa madesiki akuimba nyimbo yothokoza. Ndinawauza kuti ana savula nsapato zimene makolo awo anavutikira, ndipo chilichonse chimene ajambule tiyambe tachiona ife ndi makolo chisanapite kulikonse. Anati nthawi alibe. Ndinati ndiye anawa mawu alibe. Anapakira makamera awo n'kupita kusukulu ina, ndipo ahedi sanandipatse moni mwezi wonse.

Madesikiwo anatisiyira atatu okha. Timakhalapo mosinthana, nsapato zili kuphazi.