Kodi Batire Limawerenga Makutu?

Nkhani ya Lusiyano sindinaikambepo ndi munthu. Sindinaikambe ndi mkazi wanga, amake Filipo, ngakhale ndi a Namakhwa, bambo ake a Lusiyanoyo, amene takalamba nawo limodzi pa esiteti ino ya tiyi. Lero ndiitchula pa tsamba lino chifukwa cha zimene zinandichitikira Lachitatu lapitali.

Koma ndiyambe ndi wayilesi.

Chaka chatha ndinagula wayilesi ku Limbe, ija yobulungira ngati sefuliya, ya batire lalikulu ngati njerwa. Nditafika nayo ku malaini, kumene timakhala ife antchito, anthu anadzaza khonde mpaka pa msewu. Amayi ena anazungulira kumbuyo kwake kukafuna kanthu kamene kakuimbamo. Ine ndinali mfumu tsiku limenelo.

Inu achinyamata mwaiwala kale mmene tinkachitira wayilesi isanabwere. Lamulungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, tinkasonkhana pa khonde la amene ali ndi galamafoni. Wina wabwera ndi mbale yatsopano yomwe mlamu wake wamubweretsera kuchokera ku Joni. Wina wabwera ndi singano. Wopanda kanthu ankapukusa. Amene wamva nyimbo yatsopano ku Bvumbwe ankaiimba pakamwa, ife n'kumuseka, kenako n'kuyamba kumuyankha. Nyimbo sinali ya munthu mmodzi. Ukaimva, ntchito yako inali kuifikitsa kwa anzako.

Kanema nayenso chimodzimodzi. Lole ya kanema ikabwera pa bwalo la mpira, ena ankakhala ali pa ntchito ku fakitale, osaona. Amenewo ankaonera m'kamwa mwa a Namakhwa. Chizungu sankamva ndi liwu limodzi lomwe, koma ankafotokoza kanema yense, kuyambira pamene kavalo watulukira mpaka pamene wakuba wagwera m'madzi. Azungu a zipewa zija ankawapatsa mayina a kwathu. Kavalo ankalankhula Chilomwe. Amene anaonera ndi maso ankabwera kudzamva kuti kodi anaona chiyani.

A Namakhwa anagwira ntchito yosonkha moto ku fakitale mpaka maso anayamba kuchita nkhungu. Tsopano amakhala ndi mwana wawo wamkazi kutsidya kwa mtsinje, cha kwa Nchilamwela. Nditagula wayilesi, Lachitatu lililonse ankawoloka ndi ndodo yawo, dzuwa likadalipo. Lachitatu ndilo tsiku limene wayilesi ya ku Lusaka imaulutsa moni wa anthu a kutali: matchona a ku migodi kupereka moni kwa abale, aliyense n'kusankha nyimbo yoti abale akewo amvere. A Namakhwa ankakhala pafupi ndi wayilesiyo, khutu atalipendeketsa. Sankanena chimene akudikira. Ine ndinkachidziwa.

Kenako ndinatopa ndi anthu. Mpando wanga unathyoka. Ana ankaponda ndiwo za amake Filipo za m'mbali mwa nyumba. Aliyense ankafuna kupotokola yekha. Ndinalowetsa wayilesi m'nyumba, n'kutseka chitseko, ndipo aliyense wobwera ndinkamuuza mawu amodzi omwewo, akuti batire likutha.

Lachitatu lina a Namakhwa anagogoda ndi ndodo.

"A Kapitawo, tsegulani, ndi ine."

Ukapitawo ndinausiya kalekale, pano ndine mlonda wa pa geti, koma dzinalo linandikakamira.

Ndinatsegula pang'ono. "Lero ayi, achimwene. Batire likutha."

"Likutha? Nanga chikulira mkatimo n'chiyani? Amake Filipo aphunzira gitala?"

"Ndikungomverako pang'ono ndekha."

"Ho! Ndiye tandiuzeni inu amene munapita ku sukulu ndi imvi kumutu. Batire limawerenga makutu? Likamva kuti a Namakhwa alowa, limathamangira kutha?"

Amayi amene ankasinja pafupi anaseka mpaka kusiya misi. Manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo anasanduka ukali.

"Ngati mukuifuna kwambiri, kaguleni yanu."

A Namakhwa anati, motsitsa mawu, "Chabwino, a Kapitawo. Inu kuchotsa anthu mumakudziwa."

Anatembenuka, ndodo patsogolo. Kuyambira tsiku limenelo sanawolokenso.

Mawu amenewo ali ndi kochokera. Lusiyano anali mnyamata wothyola tiyi m'gulu langa, wa manja achangu ndi pakamwa pachangu. Anapeka nyimbo yonena za kapitawo wa chipewa chachikulu ndi miyendo yaifupi, amene amaopa mame. Inali nyimbo yokoma, ndisakunamizeni. Mwezi usanathe munda wonse unkaiimba, ngakhale pa sikelo poyeza madengu. Ine ndinapita kwa mzungu woyang'anira esiteti n'kunena kuti mnyamatayu akusokoneza antchito. Anamuchotsa. Ananyamuka ulendo wa ku migodi ya kopa, ndipo kuyambira pamenepo kunali zii. Amayi ake anamwalira akumuyembekezera. Esiteti yonse imadziwa nkhaniyi. A Namakhwa sanandifunsepo, ndipo anapitiriza kudya nane fodya.

Ndiye Lachitatu lapitali ndinali m'nyumba, chitseko chotseka, wayilesi ikulira motsitsa. Amake Filipo ankasankha nyemba. Woulutsa mawu anatchula anthu a ku Mulanje, anatchula a ku Ntcheu. Kenako ndinamva dzina la Thyolo. Anati Lusiyano Namakhwa, amene akugwira ntchito ku migodi ya kopa, akupereka moni kwa bambo ake ndi mayi ake, akuti ali moyo, anakwatira, ndipo ali ndi mwana wamkazi amene anamutcha dzina la mayi akewo. Ndipo wawasankhira nyimbo iyi.

Amake Filipo anasiya lichero.

Ndinalumpha n'kutsegula chitseko, ngati kuti a Namakhwa ndiwapeza pa khonde. Panali nkhuku zokha. Kutsidya n'kutali. Ngakhale mnyamata wothamanga sakanafika nyimboyo isanathe.

"Khalani pansi mumvere," anatero amake Filipo. "Mukathamanga muitaya yonse."

Ndinakhala. Inali nyimbo ya gitala imodzi ndi mwamuna woimba mosathamanga, m'chilankhulo cha kumeneko chimene sindimva, ndipo akazi ankamuyankha pa mapeto. Inalira, inatha, woulutsa n'kupita kwa anthu a ku Dedza.

Apa ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizepo pogula bokosi limeneli. Mbale ya galamafoni ukhoza kuikulunga m'nsalu, n'kupita nayo kwa mnzako, n'kupukusanso. Wayilesi sibwereza. Munthu anadikira zaka zonsezi, ndipo mawu a mwana wake anafika n'kupeza makutu a munthu amene anamuthamangitsa.

Owerenga anga, si ine ndekha. Yendani m'malaini madzulo. Mawayilesi achuluka, koma mudzawamva akulira kuseri kwa zitseko, motsitsa ngati munthu akudya nyama mobisa. Kalaliki ali ndi yake, woyendetsa thirakitala ali ndi yake, ndipo aliyense akuti batire likutha. Mukawafunsa mmawa kuti munamva nyimbo yanji dzulo, amangoti, "Zinali bwino." Kanema akabwera, aliyense amaonera n'kukagona. Amene anali pa ntchito, zake zimenezo. Kodi n'chiyani chatilowa? Tinali osauka kuposa pano, galamafoni imodzi malaini onse, koma palibe nyimbo imene inkadutsa munthu osaimva.

Ndikudziwa chimene ena mudzanene. Mudzati anthu amawononga, amathyola mipando, sathokoza. N'zoona, mpando wanga sunakonzedwe mpaka lero. Mudzatinso masiku ano anthu akaunjikana pa khonde amafunsidwa mafunso ndi a boma. Izonso n'zoona. Koma ine sindinatseke chitseko chifukwa cha mantha. Ndinatseka chifukwa chinthucho chinali changa, ndipo ndinkafuna kuti chidziwike kuti n'changa.

Funso la a Namakhwa ndinalitenga ngati chipongwe. Koma taliyankheni inuyo. Batire limatha chimodzimodzi, kaya akumvera ndi munthu mmodzi, kaya malaini onse. Nanga tikusunga chiyani?

Madzulo amenewo ndinadya ndikung'ung'udza nyimboyo kuti isandithawe. Ndikasokoneza, amake Filipo ankandikonza. Iwo anagwira bwino pamene akazi amayankha, ine ndinagwira poyambira. Pakati tinangolumikiza mmene tinathera.

"Mukawauze a Namakhwa zonse," anatero.

"Ndi za amayi ake zomwe? Lusiyanoyo sakudziwa kuti anamwalira."

"Si zanu zoti musankhe. Munasankha kale kokwanira."

Kutacha ndinapempha mnzanga kuti andigwirire pa geti. Ndinakulunga wayilesi m'thumba, amake Filipo anasenza batire pamutu, tinadutsa m'munda wa tiyi mame akutinyowetsa mpaka m'chiuno. Othyola anali atayamba kale. Wina anakuwa kuti, "A Kapitawo, lero mame simukuwaopa?" Nyimbo ija idakali ndi moyo, mwaona.

A Namakhwa tinawapeza akuothera dzuwa pa khonde. Anazindikira mayendedwe anga.

"Mwasochera, a Kapitawo?"

Ndinavula chipewa, n'kukhala pansi, osati pa mpando umene mwana wawo anandipatsa.

"Achimwene, Lusiyano ali moyo. Anapereka moni dzulo pa wayilesi. Ine ndinamva, inu simunamve, chifukwa ndinakutsekerani chitseko."

Ndinawauza za ukwati, za mdzukulu, ndi za dzina lake. Mwana wawo wamkazi anathamangira kuseri kwa nyumba akulira. A Namakhwa sanagwedezeke.

"Anati moni kwa bambo okha?"

"Kwa bambo ndi mayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Nanga nyimbo? Amasankha nyimbo anthu aja."

"Inalipo."

"Inkati bwanji?"

Mawu anga ndi a khwangwala, aliyense pa esiteti amadziwa. Koma ndinaimirira, chipewa m'manja, n'kuyamba. Amake Filipo anandiyankha pa mapeto. Anthu a nyumba zoyandikana anayamba kubwera mmodzimmodzi, n'kuima chapatali. Nditamaliza, a Namakhwa anapukuta m'maso ndi chikhatho.

"Mwaipha nyimbo ya mwana wanga, a Kapitawo," anatero. "Yambaninso."

Ndinayambanso. Kachitatu iwo anali akung'ung'udza nane, ndipo pakati paja pamene tinalumikiza anapakonza okha.

Pochoka ndinamasula thumba, n'kuika wayilesi pa khonde lawo, pamalo poti aliyense wodutsa aione. Ndinalumikiza batire, ndinagwira dzanja lawo n'kulionetsa popotokola, ndipo ndinawapempha kuti Lachitatu likudzali, ngati pa khondepo padzakhale malo, andisungireko pang'ono.