Mpeni wa atate ake mwana

Mpeniwo amuna anga anakagula ku Lusaka, m'sitolo ya Mmwenye, ine ndili ndi pakati. Ndinali nawo limodzi, miyendo itatupa, iwo ali kalikiliki kusankha. Amatenga umodzi, kuutsegula, kuupinda pafupi ndi khutu kuti amve kulira kwake. Wolira mofooka amaubweza. Wogwedera pamfundo amaubweza. Wonyezimira kwambiri amati ndi wa anyamata a m'tauni, sungasende insa. Potsiriza anatenga wa chigwiriro cha nyanga, ndipo m'basi monse dzanja linali m'thumba.

Kasamalidwe kake kanali kosirira. Madzi sunkawadziwa. Akachokera kutchire amaupukuta ndi kansanza, kuunola pamwala, kuusalaza pa lamba, kenako kudontheza pamfundo mafuta a makina anga osokera. Ine sindinkaloledwa ngakhale kudulira ulusi.

Mwana wathu atakwana miyezi itatu anayamba kudzidzimuka m'tulo. Amaponya timanja, kulira mpaka kubiriwira. Masisitere a ku Kasisi anamupima nkunena kuti alibe matenda, adzasiya yekha. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malere. Apongozi, amene tinkakhala nawo bwalo limodzi, anandiuza kuti mwanayo akuona zinthu, ndiike mpeni wa mlenje pansi pa kamphasa kake.

Ndinaseka, ndipo ndinaseka pamaso pa amayi ena. Ndinali ndi setifiketi ya uphunzitsi ya ku Chalimbana, ndinkaphunzitsa ana zaukhondo, Lamulungu lililonse ndinkalandira Ukaristia.

“Chabwino, aphunzitsi,” apongozi anatero. “Mumuwerengere buku, azagona.”

Koma mwana sanasiye. Tsiku lina atalira mpaka mawu kutha, ndinapisa dzanja m'jekete la atate ake, ndinatenga mpeni nkuulowetsa pansi pa kamphasa. Ndinadziuza kuti mawa ndibweza. Mawalo mwana anagona bwino, ndipo ndinaopa kuuchotsa.

Amuna anga anafunafuna paliponse, kudenga, m'nkhokwe, m'njira ya kumunda. Ine ndinkawathandiza kufuna, kugwada nkumasuzumira pansi pa bedi.

Kenako udzu unatenthedwa, tsiku la uzimba linafika. Amuna a m'mudzi anasonkhana ndi agalu ndi zibonga. Amuna anga anatuluka m'nyumba nkhope itasintha. Anati aganiza bwino, amene anatenga mpeni ndi msuweni wawo, mnzawo wosaka naye chiyambire ubwana, chifukwa ndiye ankausirira.

“Nizamufunsa pamaso pa anthu onse,” anatero. “Lelo anipasa.”

Ndinadziwa kuti mawu otere akatuluka pa uzimba sabwereranso m'kamwa. Ndinawagwira malaya.

“Atate ake mwana, imani. Uli m'nyumba.”

Ndinanyamula mwana, ndinavundukula kamphasa. Mpeni unali pomwepo, m'chinyezi cha mikodzo ya mwana ya milungu yonseyo. Dzimbiri linali litaphimba mfundo yonse. Amuna anga anayesa kuutsegula ndi chikhadabo, chikhadabo chinathyoka. Anayesa ndi mano. Unakana.

Apongozi anali ataima pakhomo, akuona zonse. Anawomba m'manja kamodzi, nkuseka mpaka kugwira chitseko.

“Iyayi, aphunzitsi! Nanga buku lija linatha?”

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Sindinadziwe choyamba kuchitira manyazi, kaya kuba, kaya kugwada kuja pansi pa bedi, kaya kuti ndinakhulupiriradi. Amuna anga sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangoyang'ana mpeni, nkuyang'ana mwana.

“Agona manje?”

“Agona,” ndinayankha, maso ali pansi.

Panja agalu ankauwa, msuweni uja akuitana mokondwa kuti dzuwa likukwera, osadziwa chimene chinatsala pang'ono kumugwera. Amuna anga anandipatsa mpeniwo.

“Thirani mafuta, mukulunge pansalu youma, mubweze pamene unali. Koma osauzika m'mikodzo, amake mwana. Si mbatata.”

Anatenga mpeni wanga wa kukhitchini, wodulira ndiwo za rape, nkuusomeka m'lamba. Ali kutali ndinamva anzawo akuwaseka, wina akufunsa ngati akupita kukasaka tomato. Sanawauze chifukwa chake. Ine ndinakhala pansi ndi kabotolo ka mafuta, apongozi akundisonyeza mbali yoyenera kulozetsa nsonga, ndipo ndinamvera.