Ngumbi mu Poto wa Bwana

Nyumba yoyamba imene ndinagwiramo ntchito yophika ku Dubai inali ku Al Mankhool, ndipo khitchini yake inali ndi malamulo ambiri kuposa ndiwo. Madamu sankadya chilichonse chochokera ku chamoyo. Nyama ayi, nsomba ayi, mkaka ndi mazira ayi, ngakhale uchi ankati n'kubera njuchi. Bwana anali Myuda. Iwo nyama ankaifuna, koma ya kosha, yophedwa motsata chilamulo chawo, magazi onse atachotsedwa. Kuwonjezera apo, madamu anawalumbiritsa kuti ikhale ya chiweto choleredwa bwino, chosapanikizidwa m'khola. Nanga nyama yotere ukanaipeza kuti mu Dubai wa masiku amenewo? Ya halali inali mbwee, koma bwana ankati si chimodzimodzi.

Choncho tonse tinkadya za madamu. Ndinaphunzira kufinya tofu, chinthu choyera cha soya, choterera ngati mimba ya chule. Ndinkaviika mtedza, kuupera, n'kuusiya usase mpaka uyambe kununkha masokosi, ndiye ati tchizi ameneyo. Sindibisa, zinkandinyansa. Pophika ndinkapumira m'kamwa.

Chimene chinkandisunga pa ntchitoyo chinali bwana. Akatha kudya ankabwera okha m'khitchini, n'kunena kuti dzanja langa ndi lodalitsika, kuti ngakhale udzu nditha kuusandutsa chakudya. Wophika safuna zambiri, mawu amenewo ankandikwanira. Ndinkawaona akuunika tsamba lililonse la letesi pawindo asanadye, ine n'kumati ndi ukhondo wa azungu basi. Miyezi isanu inatha bwana osalawa nyama, mpaka anaboola chibowo china pa lamba. Mnzawo wina anawabweretsera nkhuku ya kosha m'sutikesi kuchokera kunja, koma madamu atawerenga pa pepala lake anati inakulira m'khola lothithikana, ndipo inabwerera momwemo.

Tsiku lina ndinalandira foni kuchokera kwa mlonda wina wa kwathu ku Ntcheu, amene ankagwira ntchito pa hotela ku Deira ndipo anali atangobwera kutchuthi.

"Sisi, mayi anu atumiza kaphukusi. Yalla, musachedwe, bwerani Friday, ndili off."

Ndinawoloka madzi ogawa mzindawo pa abra, bwato la matabwa, n'kukalandira. Munali ngumbi zouma, zokazinga ndi mchere, zomangidwa m'majumbo awiri. Fungo lake linandigwetsa misozi. Pobwerera, ndili pakati pa madzi, nzeru inandibwerera, ija amati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Ngumbi palibe amaziweta. Khola zilibe, mpeni sizifuna, magazi oti muchotse mulibe. Zimatuluka zokha m'chulu mvula ikagwa. Nyama imene bwana akhala akuisaka dziko lonse ili pamiyendo panga!

Sindinafunse, ndinkafuna kuwadabwitsa. Ndinapera ngumbi zodzaza dzanja m'makina operera, n'kuzisakaniza ndi nsinjiro mu sipinachi wa bwana yekha, mu poto wapadera. Anadya, n'kupempha zina. Anapukuta mbale ndi buledi.

"Lero mwaikamo chiyani, mayi? Chakudya chotere ndinachisowa."

Ndinathamanga kukatenga jumbo lija, n'kulitsegula patebulo, mano onse ali pamtunda.

Madamu anakuwa. Bwana sanakuwe. Anayang'ana timitu ndi timiyendo tija, nkhope n'kuchita mbuu, kenako anadzuka pang'onopang'ono kupita kubafa. Nyumba yonse inamva. Ndakhala ndi odwala ine, koma kusanza kotero sindinakumvepo, munthu kudzikolosola kukhosi kuti pasatsale kanthu. Atatuluka anandiuza motsitsa mawu kuti kwa iwo tizilombo n'toletsedwa ngati nkhumba, ndipo n'chifukwa chake ankaunika letesi.

Madamu anavala magolovesi, ananyamula jumbo lija ndi zala ziwiri, n'kukaliponya m'chibowo cha zinyalala. Apo mtima wanga unawira. Mayi anga anagwada pachulu, anathothola mapiko, anayanika padzuwa masiku angapo, lero zikugwidwa ndi magolovesi ndi munthu wodya tchizi wonunkha masokosi! Ndinaluma mano, pakuti pasipoti yanga inali m'kabati mwawo. Poto, mbale, supuni ndi makina operera aja, zonse zinatsatira ngumbi.

Mkwiyo unatha, kunatsala kudzinyansa. Pakamwa ndinali napo, ndikanafunsa. Ine amene, wina atandibisira nyama ya galu m'ndiwo n'kudzandiuza nditakhuta, ndikanamuyang'ananso?

Sanandichotse ntchito, ndipo mwina kukanakhala bwino akanatero. Bwana sanandikalipire n'kamodzi komwe, moni ankandipatsa ngati kale. Koma kuyambira tsiku limenelo ankadya zipatso zosenda okha ndi nyemba za m'chitini zotsegula okha. Ine ndinkaphikabe za anthu awiri. Ndinatendera masamba, ndinakazinga mabilinganya amene ankawakonda, ndinkaunika letesi pawindo iwo akuona. Mbale yawo inkabwerera kukhitchini yosakhudzidwa.

Patatha mwezi, madamu anandipeza ndikuyala patebulo. Anachotsa mbale yachiwiri ija, n'kundipatsira m'manja.

"Khalas, basi, musamavutike. Muziika imodzi."